Chimanga pa Bwalo la Agogo

Agogo anga aamuna, bambo awo a amayi, sanasewereko mpira m'timu iliyonse. Mwendo wawo wamanzere unali wotsimphina kuyambira ali mnyamata, komabe m'dera lonse la Benga munalibe munthu wokonda mpira ngati iwo. Matenda a mpirawa anakawatenga ku migodi ku Joni. Anzawo omwe anapita nawo limodzi anabwerako ndi njinga, masuti ndi mabulangete. Iwo anabwerako ndi mpira wachikopa womanga ndi chingwe, pampu yake, ndi wenzulo. Akuti agogo aakazi atatsegula sutikesi anangoyang'ana katunduyo n'kutuluka panja. Ine agogo aakaziwo sindinawapeze, koma ndimawamvetsa.

Kwathu timadya chinangwa, ndipo munda wa chinangwa ndiwo moyo wa banja. Agogo anali ndi minda iwiri. Wina unali kumtunda, wamiyala, wina unali m'mphepete mwa msewu wopita ku boma, wosalala bwino. Wosalalawu ndi umene anazula chinangwa chonse n'kuusandutsa bwalo la mpira. Amayi ndi amalume ankadandaula chaka ndi chaka.

"Bambo, mpirawo tidzaudya?"

"Wafa ndi njala ndani pakhomo pano?" ankayankha choncho agogo. "Mundisonyeze manda ake."

Bwalolo ankalisamala kuposa nyumba yawo, imene denga lake linkadontha. Mizere ankailemba ndi phulusa. Ankapita kugombe kwa amayi owamba nsomba kukapempha phulusa la m'ng'anjo zawo, n'kulisefa, kenaka n'kumalithira ndi chitini choboola pansi, akutsata chingwe chomwe anachikoka kuchokera pa chikhomo china kukafika pa china. Mvula ikangowaza pang'ono, bwalo lonse linkanunkha utsi wa utaka. Maukonde a m'magolo anali zidutswa za khoka lakale zomwe anazisoka okha. Mbuzi ikalowa m'bwalomo, mwini wake ankamva dzina lake likutchulidwa mpaka kumsika.

Ine ndinali mdzukulu woyamba, ndipo monga amachitira agogo ndi adzukulu, ankanditcha mkazi wawo. "Akazi anga, tiyeni kubwalo, musiye mbalezo." Amayi ankakwiya kuti mtsikana wamkulu ngati ine ndikukataya nthawi pakati pa amuna, koma ndinkapita. Malamulo a mpira ndinawadziwa bwino kuposa anyamata ambiri omwe ankauthamangira. Pa masewero agogo sankakhala pansi. Ankatsimphina m'mbali mwa mzere kukwera ndi kutsika, ndodo ili m'mwamba, akukalipira osewera athu, osewera a alendo ndi woyimbira yemwe. Tikagoletsa ankaponya chipewa chawo m'mwamba, n'kuyamba kufunsa aliyense kuti chagwera kuti. Tikagonja sankadya, ndipo tsikulo kunali bwino kuwadutsa patali. Loweruka kukakhala mpira pa wailesi, ankaika wailesiyo pamiyendo n'kumaikalipiranso ngati osewera a ku Blantyre akuwamva.

Anyamata a timu yathu ankadya kwathu nthawi zambiri. Mwa onsewo, amene agogo anamukonda kwambiri anali goloboyi, mnyamata wamtali wamasiye yemwe anakulira pakhonde pathu. Anamuphunzitsa kugwira mpira pomuponyera mapapaya osapsa pamchenga. Jezi yake anamusokera okha ndi singano yosokera ukonde. Ankanena poyera kuti mwa ana onse amene Mulungu anawapatsa, amene anawamvetsa ndi uyu amene sanamubereke. Amalume ankamva mawuwa n'kungomeza mate.

Chimene agogo ankalakalaka chinali chimodzi: kuti timu yaikulu ya ku boma, ija yosewera ndi nsapato zenizeni, idzabwere kudzasewera pa bwalo lawo. Anapitako kangapo pa njinga yobwereka, ndi mwendo wawo umenewo, kukapempha. Kumeneko ankawaseka kuti sangawononge nsapato zawo pamchenga wa ku Benga. Agogo sanatope. Chaka china anabwerako akuimba belu la njinga kuyambira patali. A ku boma anali atavomera. Anagwirizana kuti adzabwera anthu akakolola mpunga, Loweruka loyamba la mwezi wa Julaye. Madzulo ake anandivinitsa pabwalo la nyumba, nkhalamba yotsimphina, amayi akuseka mpaka misozi.

Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene munthu unkayamba wayang'ana kumbuyo usanadandaule ngakhale za nyengo. Mvula yoyamba isanagwe, kunyumba kwathu kunabwera tcheyamani wa nthambi ya chipani, bambo wina amene anali ndi kagolosale pa msika. Anabwera ndi mlangizi wa zaulimi ndi anyamata a chipani, aja a malaya ofiira. Pakati pa anyamatawo panali goloboyi wathu. Anali atangolowa kumene, malaya ake akali ndi mizere ya mopindira.

"Madala, tabwera ndi uthenga wochokera kwa akuluakulu," anatero tcheyamani. "A Pulezidenti adzadutsa msewu uno poyendera mbewu. M'mbali mwa msewu ayenera kuona chimanga chokhachokha. Chinangwa ndi mbewu ya alesi. Nanga dothi la mbee ngati bwalo lanulo, si manyazi kwa tonsefe?"

Agogo anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala.

"Tcheyamani, inu munabadwira pompano. Munaonapo chimanga chikubereka pamchenga uwo?"

"Ndiye mukuti a Pulezidenti sadziwa ulimi?"

Ndinaona amalume akuponda phazi la agogo. Mlangizi ankayang'ana nsapato zake, chifukwa iye ankadziwa bwino kuti agogo akunena zoona. Agogo anatchula za timu ya ku boma, mawu awo atatsika. Tcheyamani anagwedeza dzanja n'kuti zimenezo n'zazing'ono. Ulendo ukangodutsa, bwalo lidzabwezedwa, ndipo iye mwini adzatuma anyamata kudzalisalaza. Analankhula zimenezi pamaso pa tonsefe, ndipo ine ndinazimva ndi makutu angawa.

M'mawa mwake anyamata a malaya ofiira anazula mitengo ya magolo. Mudzi wonse unalamulidwa kubwera ndi makasu. Tinaunga mizere pamwamba pa mizere ya phulusa ija, agogo ataima pamsewu. Anangopita kukatola maukonde awo, n'kuwapinda bwinobwino, n'kukawasunga kudenga.

Chimanga chinamera, inde. Chinafika m'mawondo n'kuima pomwepo, chachikasu, masamba opyapyala. Anathira feteleza kawiri, mvula n'kumutsitsa pansi pa mchenga. Aliyense wodutsa ankaona, koma panalibe wonena. Ulendo utayandikira, tcheyamani anachita mantha, ndipo nzeru imene anaipeza imandipsetsa mtima mpaka lero. Analamula akazi tonse kuti tipite kudambo, m'minda ya eni ake, tikazule chimanga chobiriwira chimene chinali chitamasula kale, ndi dothi lake lomwe. Tinachisenza m'mabeseni ndi m'malichero. Amuna anazula chachikasu chija n'kumazika chobiriwiracho m'malo mwake. Mayi wina wamasiye amene tinamuzulira theka la munda wake ankatithandiza kusenza, misozi ikutsika, akuimba nawo nyimbo ya chipani chifukwa anyamata aja anali pambuyo pathu. Tinatunga madzi tsiku lonse kuthirira chimanga chongozikacho kuti chioneke chamoyo kufikira mawa lake.

Tsikulo tinaima m'mbali mwa msewu kuyambira m'mamawa, titavala nsalu za chipani, tikuimba ndi kuvina opanda kanthu m'mimba. Dzuwa litafika pamutu, mdipiti wa magalimoto unatulukira. Unadutsa liwiro, mawindo ali otseka. Sindikudziwa ngati munthu amene tinamuvutikirayo anatembenuzako khosi. Fumbi lisanathe n'komwe, masamba a chimanga chija anali atayamba kale kulendewera. Pofika mawa lake chonse chinali chitagona, mbuzi zikudya mwaufulu.

Agogo okha ndi amene anasangalala. "Zatha, akazi anga. Nthawi ilipo yokwanira, udzu umera." Anadikira sabata, kenaka ina, anyamata osalaza aja osabwera. Atapita kukafunsa ku golosale, tcheyamani anawauza kuti malowo tsopano ndi munda wa chipani, ndipo nkhani ya malo a chipani sangaigamule yekha. Posakhalitsa tinadzuka m'mawa n'kupeza mizere yonse yabzalidwa chinangwa. Chinangwa chomwe chija, mbewu ya alesi! Amene ankapalira anali akazi a tcheyamani ndi ana awo, ndipo panalibe mwana m'mudzimo amene sankadziwa kuti chidzakavikidwa mumphika wa yani. Chinangwa sichikhwima msanga. Chimatha chaka chathunthu chili m'nthaka, pamene Julaye anali pafupi.

Agogo anapitanso kukapempha, chipewa chili m'manja. Anapempha amalume kuti awaperekeze, amalume anakana. Anapempha anyamata a timu kuti apite onse pamodzi, aliyense anapeza chifukwa: wina ukonde wang'ambika, wina mutu. Amayi anawachonderera kuti atumize mawu ku boma kuti timu ija isabwere. Anakana. Ankati munthu wamkulu sanganame pamaso pa anthu, tcheyamani akumbukira lonjezo lake. Agogo anga anali ndi vuto limeneli, ankaganiza kuti dziko lili ndi woyimbira.

Tsiku lina m'mawa mu Juni anatenga khasu. Ndinawatsatira nditanyamula madzi akumwa. Anayambira pa ngodya ya kumsewu, pamene pankamenyedwera kona. Anazula mitengo ya chinangwa n'kumaiika pambali mosamala, n'kuyamba kusalaza mizere. Ankagwira pang'onopang'ono, akupumira pa mpini. Tsidya la msewu, pansi pa mtengo wa mango, anyamata a timu yathu anali pa bawo. Anasiya bawoyo n'kuimirira. Ndinaganiza kuti akupita kukatenga makasu. Anangoima, manja m'matumba.

Tcheyamani anafika ndi anyamata ake. Sanalowe m'mundamo iye. Anaima pamsewu n'kuloza goloboyi.

"Iwe, kalande khasulo."

Anasankha dala, ndikudziwa. Goloboyi anayenda mozemba, maso ali pansi.

"Agogo, ndipatseni khasulo."

"Mwana wanga, iwe ukundilanda khasu?"

"Ndatumidwa, agogo."

"Ndaona kuti watumidwa. Ndikufunsa ngati ulanda."

Analanda. Agogo anagwiritsa mpiniwo ndi manja awiri, iye anaupotoza, ndipo mwendo wodwala uja unawagonjera, n'kugwa chagada pakati pa mizere. Manja amene anawagwetsawo ndi omwe aja anawaphunzitsa okha kugwira.

Sizinathere pomwepo. Tcheyamani anati kuwononga munda wa chipani ndi mlandu woti munthu akhoza kupita osabwerako, koma poti ndi nkhalamba awachitira chifundo: aunge mizere yonse imene asalaza, abzalenso chinangwa chonse chimene azula. Khasu sanawabwezere. Agogo anagwada n'kumakokera mchenga ndi manja, anthu atadzaza msewu. Nditagwada kuti ndiwathandize, tcheyamani anandikalipira: "Choka iwe! Wazula ndiye abzale." Ndinatembenukira kwa anyamata a pansi pa mango paja n'kukuwa ndi mawu anga onse: "Inu mwaima apo, si inu mumadya kwathu? Si bwalo lanu ili?" Palibe anandiyang'ana. Amayi anatulukira sindikudziwa kuti, ananditseka pakamwa ndi dzanja, n'kundikokera kunyumba. Agogo anabwera dzuwa litapendeka, mawondo atasupuka. Anasamba, n'kundifunsa ngati jekete yawo ya ku Joni ili yochapa.

Loweruka lija linafika, ndipo lole ya ku boma inabweradi. Agogo anali atavala jekete, wenzulo ili m'khosi, akudikira pamsewu kuyambira m'mawa. Ine ndinaima nawo. Wina aliyense wa m'mudzimo anadzipezera ntchito kuseri kwa nyumba. Osewera anatsika, majezi ofanana, nsapato atazikoleka m'khosi. Anayang'ana uku ndi uku.

"Bwalo lili kuti, madala?"

Agogo anavula chipewa. "Pepani, ana anga, mwavutika ulendo. Bwalo linalipo. Ndi pano."

Ena anayamba kuseka. Wina anafunsa ngati azithamanga m'mizere kapena azidumpha. Agogo sanawamve, kapena anachita ngati sanamve. Anayamba kuloza ndi ndodo: golo lina linali apo, lina uko pafupi ndi chulu, pakati pake ndi paja pali chinangwa chachitalipo. Anafotokoza kuti dzuwa silivutitsa goloboyi mbali iliyonse chifukwa bwalolo analiyang'anitsa bwino. Kaputeni wa timuyo, bambo wamfupi wa ndevu, anawaletsa anzake kuseka. Anamvetsera mpaka agogo atamaliza, anawagwira dzanja ndi manja awiri, n'kuti, "Likuoneka kuti linali bwalo labwino, agogo." Munthu wachilendo, amene sanadyepo kwathu, ndiye anawapatsa ulemu tsiku limenelo. Lole inatembenuka, inakaima kugombe kugula nsomba, n'kubwerera ku boma.

Kuchokera tsiku limenelo agogo sanatsegulenso wailesi. Loweruka ndinkaitenga ine n'kuwaikira pamiyendo, iwo n'kuti, "Sungani mabatire, akazi anga." Anasiya kudutsa njira ya kumsewu. Anayamba kutsokomola mphepo ya mwera ili mkati, ndipo anamwalira m'chilimwe, mvula isanagwe. Kuchipatala anati ndi chifuwa. Anene zimenezo kwa ena.

Masiku amenewo maliro sankanyamuka a chipani asanalankhule. Tcheyamani anaimirira pakati pa anthu, atavala tayi, n'kunena kuti dera lathu lataya munthu wokonda masewero, wokonda chitukuko, ndiponso womvera. Anati achinyamata atengere chitsanzo. Anthu anang'ung'udza movomereza monga amachitira. Ine ndinali m'nyumba ya siwa pafupi ndi bokosi, ndipo ndinaluma chitenje changa mpaka kuchiboola. Amayi anali atandigwira bondo mwamphamvu nthawi yonse imene bamboyo ankalankhula.

Anyamata a timu anapempha kuti anyamule bokosi ndi iwo. Amalume anavomera. Goloboyi anagwira kutsogolo, tsikulo atavala malaya oyera. Njira ya kumanda kwathu imatsata msewu, kudutsa m'mbali mwa munda uja, n'kukakhotera kumtunda. Patsogolo pankayenda mkulu wa mpingo atanyamula mtanda, pambuyo pake bokosi, kenaka ife tonse, amayi a mpingo akuimba.

Kwathu anthu amakhulupirira kuti nthawi zina maliro amakana njira. Bokosi limalemera, kapena limakoka onyamula kulowera kumene womwalirayo akufuna. Zikatero palibe amene amaimitsa, palibe amene amabweza, ndipo operekeza onse amatsatira kumene bokosi lapita, kaya ndi paminga. Kutsekereza maliro ndi kudziitanira tsoka, ndipo ngakhale akumpingo, amene amati sakhulupirira zimenezi, sayerekeza.

Titafika pa ngodya ija pamene agogo anagwada tsiku lija, bokosi linagwedezeka. Onyamula anadzandira, kubwerera m'mbuyo pang'ono, kenaka anadumpha ngalande n'kulowa m'chinangwa.

"Akutikoka! Agogo akutikoka!" anakuwa goloboyi.

Nyimbo inaduka. Mkulu wa mtanda uja anapitirira yekha pamsewu osadziwa kanthu, mpaka atacheuka n'kubwerera chothamanga, mtanda uli paphewa. Nkhalamba ina inakweza mawu: "Asiyeni! Akutsazika malo awo!" Amayi a mpingo anayambanso nyimbo, mokweza kuposa poyamba, ndipo khamu lonse linatsikira m'mundamo. Chinangwa chinali chitafika m'chifuwa. Bokosi linayenda kuchokera pamene panali golo la kumsewu mpaka ku chulu, linakhota, linatsata m'mbali monse, linadutsanso pakati. Kumbuyo kwake mitengo ya chinangwa inkathyoka, mizere ikuphwasuka pansi pa mapazi a anthu a midzi yonse yozungulira. Tcheyamani anaima pa ngalande kanthawi, pakamwa pali yasa. Akanatani? Anthu anali akumuyang'ana. Analowa nayenso ndi nsapato zake zopolisha, n'kumaponda chinangwa cha akazi ake.

Sindinama, ndinaponda nawo, ndipo ndinkasankha mitengo yonenepa. Koma ndinali pambuyo penipeni pa bokosi, ndipo maso anga anali pa misana ya onyamulawo. Misana yotambalala, ya anthu okoka khoka, thukuta likuyenderera. Sankadzandira ngati anthu okokedwa. Pokhota ankayang'anizana, wina n'kugwedeza mutu, monga ankachitira pomenya kona. Ndinawaonera anyamata amenewa akusewera zaka zambiri, sakanandipusitsa. Pamene tinkatuluka m'mundamo kulowera kumanda, misozi yanga inali itauma, mtima ukungotentha.

Tcheyamani sanakanene kulikonse. Akanati amange yani, mtembo? Akazi ake anakumba chinangwa chomwe chinatsala n'kuchivika, sanataye zambiri. Chaka chotsatira sanabzalenso, poopa malo amene maliro anawaloza. Ana anayamba kumenyapo mpira wa mapepala, kenaka wina anazika mitengo ya magolo, bwalo n'kubwerera lokha popanda wolamula. M'mudzi monse nkhani inali imodzi, yoti madala aja anawina ali m'bokosi. Anthu omwe aja anabisala kuseri kwa nyumba tsiku la lole ankaikamba akuseka, akuombana m'manja, aliyense akuti anali pafupi ndipo anaona bokosi likukhota lokha.

Titameta maliro, goloboyi anandipeza kuseri kwa nyumba ndikuyanika chinangwa pa thandala. Anaima kanthawi akukanda mutu. Kenaka anayang'ana uku ndi uku n'kunong'ona.

"Mlongo, ndikuuze chinthu. Agogo sanatikoke ayi. Tinachita kupangana."

Nkhope yake inali yowala. Ankadikira kuti ndimuthokoze.

"Ndikudziwa," ndinatero. "Munapangana angati?"

"Timu yonse. Palibe anakana."

"Timu yonse inaliponso tsiku la khasu lija. Inali pansi pa mango."

Kuwala kuja kunazima. "Mlongo, ukudziwa mmene zinthu zilili. Tsiku lija tikanamangidwa tonse."

"Mukanamangidwadi. Ndiye munadikira kuti afe kaye, mupeze pobisala. Munalowa m'munda muja mutadzitchinjiriza ndi mtembo wawo. Anakudyetsa ali moyo, anakuveka, ndipo atafa wawasenzetsanso mlandu wako. Ukufuna ndinene kuti zikomo?"

Anaima pomwepo, manja aatali aja akulendewera, ine ndikutembenuza chinangwa changa. Nditadzutsa mutu anali atapita.

Ndakula tsopano, ndipo ndikudziwa zimene mantha a zaka zija ankachita ndi anthu. Ndinaona amuna olimba akunjenjemera pamaso pa kamnyamata ka malaya ofiira. Anthu amandiuza kuti ndikhululuke, zinapita. Tcheyamani uja anamwalira kalekale, ndipo za iye sindisunga kanthu, anali chomwe anali. Amene andikanika kuwameza ndi anzathu aja, okonda agogo, amene chikondi chawo chinadikira bokosi. Agogo sanafune kuti awayendetse pa bwalo lawo atatseka maso. Ankafuna kuima m'mbali mwa mzere Loweruka limodzi lokha, akukalipira woyimbira, timu ya ku boma ili m'bwalo. Zimenezo sanazione, ndipo palibe nkhani yokoma imene ingasinthe pamenepo.

Zomwe goloboyi anandiuza sindinauze munthu kumudzi, ngakhale amayi. Ana a masiku ano amene amasewera pa bwalolo anamva nkhaniyi kwa makolo awo, ndipo akadziwa kuti ndine mdzukulu wa madala aja amandizungulira.

"Agogo, n'zoona kuti bokosi linakhota lokha?"

Ndimawauza kuti n'zoona. M'mudzi monse muja, munthu amene analimba mtima kulowa m'munda umenewo anali mmodzi yekha, ndipo sindilola kuti ulemu wake ugawidwe kwa amene anamunyamula.